Nkhope ya mwana iwoneke, kuzizire kusazizire

Ine lero ndakwiya, ndipo amene akhumudwe akhumudwe. M'mawa uno ndinakwera minibasi ku Limbe yopita ku Thyolo, kunja chiperoni chitagwira, mawindo onse otseka, anthu tapanikizana mpaka magalasi achita nthunzi. Pafupi nane panakhala mayi wina wachitsikana atabereka mwana. Ndikuti mwana chifukwa ndinaona timapazi titatulukira m'munsi mwa chitenje, apo ayi ndikanati ndi katundu. Chitenje choberekera, pamwamba pake chitenje china, kenako shawelo, kenako bulangeti la ubweya lija timagula pa kaunjika, lonse litakwirira mutu mpaka pamapewa a mayi. Popumira panalibe.

Ndinapirira mpaka titadutsa pa Bvumbwe, kenako ndinati, "Pepani mayi, tamuvundukulani mwanayo apumeko." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Gogo wina kumbuyo ndiye anayankha m'malo mwawo: "Musiyeni, mukufuna atenge chibayo?" Mwamwayi mayiyo anamumasula kuti amuyamwitse. Tsitsi lonse linali chonyowa, nkhope psuu, thukuta likuyenderera m'khosi, kajuzi kamkati katamatirira pamsana. Koma timapazi tija topanda ngakhale sokosi, tozizira kuti zii. Mutu ukuphikidwa, mapazi ali pamphepo. Ndiye tizitcha chimenechi kusamala mwana?

Amayi anzanga, azigogo, azibambo amene mumangoonerera: nkhope ya mwana iwoneke. Mphuno ndi pakamwa pakhale poyera. Kaya kuzizire ngati ku Dedza mu Julaye, kaya ndi Mzuzu m'bandakucha, kaya ndi mphepo ya pa Zomba, mphuno ya mwana sifunditsidwa. Mufunditseni thupi, muvekeni chipewa, muvekeni masokosi, koma popumira musiyeni. Khanda la miyezi iwiri silingathe kukankha bulangeti, silingathe kutembenuza mutu bwinobwino, silingathe kukuuzani kuti amayi ndikubanika. Likakhala chete inu mumati lagona bwino. Mwadziwa bwanji poti simukuliona?

Ndikudziwa kuti ndi mantha a chibayo, tonse tinakula tikumva kuti mphepo ikalowa m'chifuwa basi mwana wadwala. Chibayo chimabwera ndi tizilombo, ndiye chifukwa chake kuyambira 2011 ana m'Malawi muno amabayidwa katemera wa chibayo ku sikelo. Mukufuna kumuteteza? Pitani naye akamalize katemera yense, muyamwitseni bere lokha miyezi 6 yoyambayo, musamuike pa utsi, ndipo amene akutsokomola asamamupsompsone kumaso. Bulangeti la kumutu silinaphepo kachilombo ndi kamodzi komwe. Limangomupangitsa kupuma mpweya womwe watulutsa kale, wotentha, wonyowa, mobwerezabwereza.

Ndipo thukuta limenelo ndi lomwe lidzamuzizidwitse. Taganizani, mwana wanyowa zovala zonse zamkati, mwafika pa siteji, mwatsika, mwamumasula kuti mumukonze bwino, mphepo ya chiperoni yamuwomba ali chinyowere. Apo ndiye wazizidwa zenizeni. Mwamuwotcha nokha, mwamunyowetsa nokha, kenako mukanena kuti ndi nyengo.

Tisaiwale kuti msana wa mayi ndi wofunda. Mwana amene waberekedwa ali kale ndi moto wake, thupi lanu. Azachipatala amachidziwa bwino chimenechi, n'chifukwa chake ana obadwa masiku asanakwane amawaika pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, njira ija timati kangaru. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero ili m'zipatala zathu zambiri. Pitani mukaone m'chipinda cha kangaru. Kamwana kosakwana makilogalamu awiri kavala thewera, kachipewa ndi masokosi, kamangidwa ndi chitenje pachifuwa pa amake, mutu wapendekera kumbali, nkhope ili poyera kuti namwino akadutsa aone mmene kakupumira. Ngati kamwana kofooka chotero sakukakwirira kumaso, wanu wonenepa wa miyezi isanu mukumukwiriranji?

Sindikunena kuti mwana aziyenda wosavala, ayi. Makanda amazizidwa msanga kuposa ife akuluakulu, makamaka ongobadwa kumene, ndipo kutentha kwambiri kumathawira kumutu. Chipewa n'chofunika mukakhala panja. Masokosi ndi ofunika kwambiri chifukwa mwana akaberekedwa miyendo ndiyo imatsala kunja, ndipo kabuluku kamakwinyikira m'mwamba n'kusiya katumba pamtunda. Muvekeni kamalaya kamkati, kajuzi, buluku lalitali lofika kumapazi. Chovala chimodzi choposa chimene inu mwavala n'chokwanira, ndipo chitenje choberekeracho muchiwerengerenso. Shawelo ngati mukuifuna ilekeze m'khosi, kumbuyo kwa mutu. Isadutse pamenepo.

Ndipo musamayeze kuzizidwa kwa mwana pogwira manja. Manja a khanda amakhala ozizirirapo nthawi zambiri, ndi mmene alili. Pisani dzanja kumbuyo kwa khosi kapena pachifuwa. Mukapeza pofunda bwino, ali bwino. Mukapeza ponyowa, potentha, chotsani chovala chimodzi pompopompo. Thupi la mwana limayenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, osati kuposa apo chifukwa choti agogo ake anena. Mukalowa m'minibasi yodzaza, m'tchalitchi, m'sitolo, pamzere wa ku banki, vulani bulangetilo ndi chipewa chomwe. Inu nomwe mumamasula zipi ya jekete mukalowa mkati, nanga mwanayo ndi mwala?

Wina anena kuti ukulowerera za eni, mwana ndi wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Ndilolera munditukwane m'minibasi kusiyana n'kuti ndikhale chete ndikuona mwana akubanika pambali panga. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti atsikana ambiri amadziwa, anauzidwa ku sikelo, koma amaopa apongozi. Akangovundukula pang'ono, mawu ayamba: ana a masiku ano simudziwa kulera, ife tinalera khumi. Inde munalera, tikuthokoza, koma mabulangeti okhuthala a nayiloni awa kale kunalibe. Chitenje chimapitako mpweya. Zaubweya za masiku anozi zimatseka kuti ndii.

Nanunso a m'tauni amene mwagula zoberekera za malamba zija zoberekera kutsogolo, musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Ndimakuonani ku Chichiri ndi ku Area 47, mwana ali pachifuwa, jekete lalikulu mwatseka zipi mpaka m'khosi mwanu, mwana yense wamira mkati. Ndi zomwezo basi, mtengo wokha ndiwo wasiyana. Mwana akhale m'mwamba moti mukaweramitsa mutu mukhoza kumupsompsona pamutu. Chibwano chake chisagwere pachifuwa pake, chifukwa khosi la khanda likapindika chotero njira ya mpweya imaphinjika. Malamba akhale othina bwino kuti asakhotere pansi. Ndipo mukayang'ana pansi muone nkhope, osati nsalu. Akakhala kumbuyo ndi chitenje, mutu upendekere kumbali, ndipo muzipempha mnzanu akuonereni, kapena mudziyang'ane pa galasi la sitolo mukamadutsa. Khanda loti khosi silinalimbe, lisungeni kutsogolo kumene maso anu akufika.

Ndipo ngati mukuopadi chibayo, phunzirani zizindikiro zake. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikamalowa mkati akamakoka mpweya, akamakana bere, akamatentha thupi, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe, osati mawa, osati kumuwonjezera bulangeti lachitatu. Zonsezi mudzaziona bwanji mwana ali mkati mwa mtolo? Mwana amene mwamukwirira akhoza kubanika kuchokera ku Limbe mpaka ku Mulanje inu osadziwa kanthu.

Azibambo, inunso. Mumayenda kutsogolo manja m'thumba, mayi akuvutika ndi mwana, chikwama ndi ambulera. Inu ndi amene mukuona kumsana kwa akazi anu. Kukweza kansalu n'kusuzumira ngati mwana akupuma bwino sikuchotsa ubambo wa munthu.

Poti ndayamba kale, ndinenenso za mbaula. Mwezi wa Juni ukangofika, anthu akulowetsa mbaula ya makala kuchipinda, kutseka chitseko, kutseka mawindo, ena mpaka kutsekera nsanza pansi pa chitseko kuti mwana asazizidwe. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo khanda ndilo limayamba kugonja. Nkhani zotere timazimva pa wayilesi nyengo yozizira ikafika, timagwira pakamwa, kenako usiku womwewo timalowetsanso mbaula. Otherani moto panja kapena pakhonde, mukamakagona mbaula itsale kunja. Mwana mufunditseni zovala, osati utsi wa makala!