Ana inu, mano mukusemetsawo sameranso

Usiku wa Lachiwiri foni inalira cha m'ma 1 koloko, mwana wa mlongo wanga amene amasamalira okalamba ku Manchester akulira ngati kwagwa maliro. Nditayatsa vidiyo ndinaona tsaya lakumanzere litatupa mpaka diso kutsinzinika. Mtsikana ameneyu chaka chatha anakwera ndege wa ku Antalya ku Turkey ati kukaikitsa ma veneer, tizikutiro topyapyala toyera tomata kutsogolo kwa mano, anakhalako sabata imodzi yokha, hotela ndi galimoto zonse pa mtengo umodzi, n'kubwerako ndi mano 20 oyera mbee ngati mbale zadothi. Nditamufunsa kuti mano ako aja analakwa chiyani anangoti amalume inu izi ndi za masiku ano. Pano limodzi lagwa akudya, anandionetsa chatsala pansi pake, kachitsa kosongoka kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Dzino lake lenileni latsala ndi kameneko. Mtima unandiwawa, tulo sitinabwerenso.

Kodi ana inu mwatani? Dzino labwinobwino, losabooka, losawawa, lomwe lakhala likutafuna mzimbe ndi chimanga chokazinga kuyambira uli ku pulayimale, iwe n'kukagona pampando kuyasamula kuti munthu alipale ndi makina chifukwa waona wina akuseka pa TikTok? Ndiye mumati n'kungomata basi, anakuuzani ndani kuti n'kungomata? Kuti ka veneer kaja kakhale, dotolo amayamba wapala kaye chikutiro cholimba cha pamwamba pa dzino chija amati enamel, pafupifupi theka la milimita, ndipo chimenecho si chikhadabo kuti mawa chiphukanso, si tsitsi, chikapita chapita mpaka kumanda. Kuyambira tsiku limenelo dzino lako silingakhalenso lamaliseche, lizifuna chovala moyo wako wonse.

Komatu imeneyo ndi veneer yeniyeni yoikidwa ndi munthu wosamala. Ambiri mukupita ku maulendo otchipawa akukuuzani veneer koma akukuvekani ma crown, zipewa zovindikira dzino lonse, dzino kulisema mbali zonse kulisiya kachikhomo, zoposa theka la dzino kupita ngati utuchi. Ku Britain anachita kuzipatsa dzina, ati Turkey teeth. Mu 2022 bungwe la madotolo a mano kumeneko la British Dental Association linafunsa madotolo a mano, ndipo mwa amene anaonapo anthu okonzetsa mano kunja, 86 pa 100 aliwonse anati anathandizapo anthu amene mano anawavuta atakakonzetsa kunja. Inu zimenezi simukuzimva? Ku America nako mu 2024 a American Dental Association anachenjeza za anthu odzitcha ma veneer tech, opanda laisensi, ongophunzira masiku angapo n'kuyamba kugwira m'kamwa mwa anthu. Munthu woti sanaphunzire udotolo, sadziwa kuti mtsempha uli pati, iwe n'kumupatsa kamwa yako chifukwa ali ndi otsatira ambiri pa Instagram? Zoona?

Mwana wa mlongo wangayu madzi ozizira anasiya kalekale, tiyi amadikira apole, ngakhale kamphepo kakalowa m'kamwa amachita kugwira tsaya, koma ife amatibisira, zithunzi zokha kumangoponya pa gulu la banja ena n'kumamuyamikira kuti wakongola. Chikomekome cha mkuyu. Makina aja akafika pafupi ndi mtsempha, mtsemphawo umatupa kenako umafa, mafinya amayamba kudzadza kumuzu, ndicho chatupitsa tsaya lija. Dotolo amene wamuona kumeneko wati mano awiri akufunika root canal, kuchotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino n'kutsekapo. Ndipo pomwe pakumana chomatacho ndi nkhama pakatsala kampata, zakudya zimalowa, dzino limaola chamkati iwe ukuona kuyera kunja, nkhama kufiira kumatuluka magazi, fungo m'kamwa loti mswachi sulithetsa. Amene anamusema aja pa WhatsApp akungoti bweranso tidzaone, tikiti adzigulire yekha.

Nanga za ndalama munawerengera? Ma veneer amakhala zaka 10 kapena 15 kenako amafuna ena, iyeyu ali ndi zaka 26, akamafika 70 adzakhala atasinthitsa kangati mano 20 amenewo, ndipo nthawi iliyonse akuchotsa chakale kadzino kotsalako kakuonjezera kuchepa. Tsiku lomwe ntchito idzathe n'kubwerera kumudzi, limodzi likadzasweka adzalowera kuti, adzalipira ndi chiyani?

Ine sindikukana kuti alipo amene amafunikadi, wina dzino linabenthuka pa ngozi, wina mano anathimbirira ndi madzi a pa mjigo kuyambira ali mwana, ameneyo akaonane ndi dotolo wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku General Dental Council ngati ali ku Britain, afunse kuti apala zochuluka bwanji komanso ngati palibe njira ina yosapala. Koma iwe wa mano athunthu, vuto lako kampata ka pakati kokha, komwe agogo ako ankatamandidwa nako kuti n'kukongola, ukusunga ndalama ya ndege kuti akakuseme? Ndamva kuti mng'ono wake nayenso wayamba kufunsa mitengo. Iwe mwana iwe, pita ukaone kaye tsaya la mkulu wako, ndipo usandiyimbire foni usiku ukadzachita zopusazo.