Simenti ya boma si yogulira kachasu

Abale anga a kuno ku Nkhotakota, lero mundikhululukire, ndikalipa.

Pulogalamu ya Malata ndi Simenti itabwera, nthawi ya ulamuliro woyamba wa a Peter Mutharika umene unayamba mu 2014, tinaimba nthungululu. Boma linkalipira theka la mtengo wa zipangizo, theka linalo linali ngongole yobweza pang'onopang'ono. Cholinga chinali choti mayi wamasiye asiye kuchezera usiku akutchera mabeseni pamene denga la udzu likudontha.

Nanga tinachita nazo chiyani? M'mudzi mwathu muno muli khomo lina limene simenti anaiunjika pansi penipeni, mogundana ndi khoma, miyezi isanu. Chinyezi cha kunyanja kuno sichichedwa. Lero matumba aja ndi miyala, ana amakhalirapo akamadya chinangwa. Mtima umandipweteka ndikamadutsa pamenepo. Ena malata anakagulitsa kwa mavenda pa Dwangwa pamtengo wolira, ndalama nkuthera ku kachasu, ngongole nkutsala pakhosi.

Inu anyamata amene mumalanda agogo anu malata olembedwa m'dzina lawo, mwati mukafolere golosale, manyazi mulibe? Agogowo anakulerani ndi chimera cha m'nyumba yodonthayo.

Mu February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu masauzande a kwa Kanyenda anakagona m'misasa. Tinaona ndi maso athu mmene khoma la zidina lopanda maziko limasungunukira ngati mchere. Koma madzi atangophwera, ena abwereranso kukaumba njerwa m'dambo lomwelo.

Thandizo likadzabweranso, kaya la boma kaya la mabungwe, musalandire simenti musanakonze njerwa ndi mchenga. Mukalandira, ikani matumbawo pa matabwa, kutali ndi khoma, ndipo mmisiri ayambe ntchito masabata omwewo. Maziko akwere. Denga limangidwe ndi waya wolowa m'khoma, osati kungotsendereza ndi miyala ndi matayala pamwamba. Mphepo ya mvula yoyamba ikalisasula, malata owuluka aja amatema munthu ngati chikwanje, ndipo wovulalayo akhoza kukhala mwana wa eni.

Inu a mfumu ndi a komiti, polemba maina yendani khomo ndi khomo, mulowe m'nyumba, muyang'ane kudenga. Pakapita mwezi mubwererenso mukawerenge malatawo.