Pa 1 Novembala 2024 ndikufuna kumva bambo wa zaka 65, osati mnyamata wa 1992

Ndikulemba izi mu Okutobala 2024. Pa 1 Novembala gulu loimba la The Cure likutulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Songs of a Lost World. Chomaliza chawo, 4:13 Dream, chinatuluka mu 2008. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho pano ali ku sekondale, mawu anayamba kale kusintha. Zaka 16 zathunthu gulu lili chete kumbali ya chimbale. Ndiye chimwemwe chimene chagwira ife okonda gululi n'chomveka, inenso tulo sindikuliona bwino. Koma pali kamtima kena kamene ndikukaona mwa anzanga ena, ndipo ndati ndilankhulepo tsikulo lisanafike.

Pa 26 Seputembala anatulutsa nyimbo yoyamba ya m'chimbalechi, "Alone". Ndi yaitali pafupifupi mphindi 7, imayenda pang'onopang'ono, ndipo Robert Smith, woimba wa gululi, sayamba kuimba mpaka patadutsa mphindi zitatu. Nthawi yonseyo ndi zida zokhazokha, ng'oma zolemera, bezi yokhuthala, kiyibodi ikulira mokoka. Ambiri anaikonda. Koma ena, kuphatikizapo anthu amene ndimawalemekeza pa nkhani za nyimbo, anayamba kudandaula. Akuti tadikira zaka zonsezi kuti atipatse nyimbo ya pamaliro? Akuti ili kuti ina yonga "Friday I'm in Love", yoti munthu n'kuvina uku ukutsuka mbale?

Abale anga, nyimbo imeneyo inatuluka mu 1992. Woimbayo anali ndi zaka 33. Mu 2024 muno ali ndi 65. Ngati mukuifuna, ilipo, sinapite kulikonse, pitani mukaimvere. Chimene sindikufuna ine n'chakuti bambo wa msinkhu umenewu akhale pansi n'kuyamba kupeka chisangalalo chimene sakuchimva, pongofuna kuti ife tidzimve ngati tidakali anyamata.

Kwa amene gululi simulidziwa, linayambira m'tauni ya Crawley kumwera kwa England, anyamata a pasukulu imodzi, ndipo dzina la The Cure analitenga mu 1978. Chimbale choyamba chinatuluka mu 1979. Chimene chikubwerachi n'cha nambala 14. Pa onse amene anayambitsa gululi, watsala ndi Smith yekha, wa tsitsi losapesa lija ndi milomo yopaka zofiira, ngakhale Simon Gallup wa bezi wakhala naye kuyambira 1979, kupatula zaka zochepa zimene anasemphana. Chiyambireni gululi lakhala ndi nkhope ziwiri. Ina ndi ya tinyimbo topepuka tachikondi timene tinkalira pa wailesi. Ina ndi yamdima, ya zimbale ngati Pornography cha 1982 ndi Disintegration cha 1989. Ambiri mwa ife tinakokedwa ndi nkhope yoyamba ija, koma chimene chinatisunga mpaka lero ndi yachiwiriyi.

Disintegration ndicho chimbale chimene aliyense akuyerekeza nacho chatsopanochi, ndipo m'pomveka. Koma taganizani bwino. Smith analemba nyimbo zimenezo ali ndi zaka 29, mantha atamugwira kuti akukwanitsa 30 asanachite chachikulu. Anaimba za kutha kwa zinthu, za kutaya, za ukalamba, ndipo anaimba mokhudza mtima kwambiri. Komabe unali ukalamba woganizira, woonera patali. Makolo ake anali moyo. Abale ake anali moyo. Thupi lake linali lamphamvu. Pano zinthu n'zina. M'zaka zimene takhala tikudikirazi waika m'manda mayi ake, bambo ake ndi mkulu wake Richard. Nyimbo ya "I Can Never Say Goodbye" ndi ya mkulu wakeyo. Andy Anderson, amene anaimbapo ng'oma m'gululi, anamwalira mu 2019. Roger O'Donnell wa kiyibodi analengeza mu Seputembala 2024 kuti wakhala akulimbana ndi khansa ya m'magazi. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuimba za imfa tsopano waiona ikulowa m'nyumba mwake n'kutenga anthu mmodzimmodzi. Ndikufuna ndimve kuti aimba chiyani.

Ife timadziwa kusiyana kwa kalilidwe ka mwana amene wangotsatira anthu kumaliro ndi ka gogo amene watsala yekha pa mbumba yake. Gogoyo sakuwa kwambiri, mwinanso misozi siituluka, koma akatsegula pakamwa siwa yonse imakhala zii. Mawu amenewo ndi amene ndikuwayembekezera pa 1 Novembala.

Ndipo chamba cha rock chili ndi vuto lalikulu pa nkhani imeneyi. Chinabadwa ngati nyimbo za achinyamata, ndipo mpaka pano sichinaphunzire kukalamba. Magulu ambiri akale akabwerera amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amangozungulira dziko akuimba nyimbo zakale zomwezo, chimbale chatsopano chili chongonamizira kuti agulitse matikiti. Ena amapeza wojambula nyimbo wachinyamata woti awapukute mpaka amveke ngati ali ndi zaka 25. Mu 2023 The Rolling Stones anatulutsa Hackney Diamonds, chimbale chawo choyamba cha nyimbo zatsopano kuchokera mu 2005. Ndinachimvera, n'chosangalatsa, mphamvu zilimo zodabwitsa kwa anthu a zaka pafupifupi 80. Koma anali atangotaya Charlie Watts mu 2021, munthu amene anawaimbira ng'oma kuyambira 1963, ndipo ine ndinafufuza chisoni chimenecho m'nyimbozo osachipeza mokwanira. Mwina ndi mmene iwo amalirira, sindingawaweruze. Kungoti ine monga womvera ndinatuluka ndi njala. Tikukalamba, anzathu akupita, ndipo oimba amene tinakula nawo ambiri akukana kukamba nafe za zimenezi.

Sikuti Smith ndikumuyeretsa pa zonse ayi. Pa nkhani yolonjeza bamboyu watizunza. Pamene 4:13 Dream chimatuluka tinauzidwa kuti pali mbali yachiwiri, yamdima kwambiri, imene itsatire posachedwa. Mu 2014 nkhaniyo inadzukanso, dzina lake n'kutchulidwa, koma mpaka lero palibe anachigwira m'manja. Mu 2019 gulu linalowa mu situdiyo ya Rockfield ku Wales, iye n'kumauza atolankhani kuti chimbale chili pafupi. Chaka chinatha. Mu 2021 Gallup analemba kuti wachoka m'gululi, mitima yathu inaima, kenako patapita miyezi iwiri anati wabwerera. Mu 2022 dzina la chimbale linalengezedwa, ulendo wa zoimbaimba wotchedwa Shows of a Lost World unayamba ku Riga, m'dziko la Latvia, mu Okutobala, koma chimbale chimene ulendowo unatengera dzina kunalibe. Amene anatopa n'kusiya kukhulupirira sindikuwanena. Munthu wamkulu akamanena kuti "chaka chino" kangapo konse osachita, amadzichotsera yekha ulemu. Zikanakhala bwino akanangokhala chete mpaka ntchito itatha.

Koma kuchedwa ndi kulonjeza n'zinthu ziwiri zosiyana. Kulonjeza kunali kulakwa. Kuchedwa ine sindikukuona ngati mlandu. Pali kaganizidwe kena kamene kafala masiku ano, koti woimba ali nafe ngongole, ayenera kumatulutsa kanthu chaka ndi chaka apo ayi tiiwala za iye. Mafoni athuwa atizoloweretsa kuti nyimbo zizibwera ngati madzi a pampopi. Koma nyimbo ya mkulu wako amene wamwalira suilemba potsatira kalendala ya kampani. Ukaifulumiza imatuluka yabodza, ndipo bodza la pa maliro a m'bale wako ndi chinthu chimene sungadzikhululukire. Ngati zinamutengera zaka kuti apeze mawu oyenera, zaka zimenezo zinali zake.

Komanso tisaiwale kuti nyimbozi sanazibise. Pa nyimbo 8 zimene zili m'chimbalechi, zisanu anaziimba pamaso pa anthu mu 2022 ndi 2023, usiku ndi usiku, ku Ulaya ndi ku America. Ankatsegula ndi "Alone", nyimbo imene panthawiyo palibe ankaidziwa. Ganizirani kulimba mtima kumeneko: bwalo ladzaza ndi anthu amene alipira kuti amve zakale, iwe n'kuyamba ndi chinthu chachilendo, chachitali, chachisoni. Amene tinaonera mavidiyo a mafoni a anthu tinaona mmene ankavutikira kumaliza nyimbo ya mkulu wake ija, nthawi zina nkhope itanyowa. Ndiye chimbalechi sichikubwera ngati katundu wa m'thumba lotseka. Zambiri tazilawa kale, ndipo zinapirira pamaso pa anthu zisanalowe m'chimbale. Zitatu zokha ndi zimene sitinazimvepo.

Chinanso chimene chimandipangitsa kumukhulupirira bamboyu si cha nyimbo. Mu Malichi 2023, matikiti a ulendo wa ku America atayamba kugulitsidwa, gululi linaika mitengo yotsika dala, ena pa madola 20 okha, ndipo linakana njira ija yoti mtengo uzikwera anthu akachuluka pa mzere. Kenako kunapezeka kuti kampani yogulitsa matikiti ya Ticketmaster ikuonjezera ndalama zake pamwamba, moti kwa ena zoonjezerazo zinaposa mtengo wa tikiti yeniyeniyo. Smith sanatume loya kapena womulankhulira. Analemba yekha pa Twitter, ndi zilembo zikuluzikulu monga amachitira, kuti zamunyansa, ndipo anakakamira mpaka kampaniyo inabweza madola 10 kwa ogula matikiti otsika ndi madola 5 kwa enawo. Ndalama zochepa, inde. Koma yerekezani ndi zimene zinachitika mu Ogasiti 2024 gulu la Oasis litalengeza zobwererana, anthu ataima pa mzere wa pa intaneti tsiku lonse n'kupeza tikiti yakwera kuposa mapaundi 350. Woimba amene amakana kudyera anthu ake masuku pamutu pa tikiti, ndimakhulupirira kuti sangawagulitsenso chimbale chongodzazira malo.

Mantha ndili nawo, sindibisa. Kudikira kwautali kumaononga makutu. Munthu umamanga chimbale chakochako m'mutu, changwiro, ndipo chenicheni chikafika chimapikisana ndi chinthu chimene kulibe. Zinawachitikira a Guns N' Roses mu 2008 ndi chimbale chawo cha Chinese Democracy: anthu anadikira kwa zaka zochuluka moti palibe nyimbo imene ikanakwanitsa kulipira kudikirako. Mantha anga ena ndi a kamvekedwe. Zimbale ziwiri zomaliza za The Cure, cha 2004 ndi cha 2008, kwa ine zinali ndi nyimbo zina zabwino koma zojambulidwa mopanikiza, chilichonse chikukuwa nthawi imodzi, mpweya wosowa. Nyimbo za gulu ili zimafuna malo oti zipumire. Pa "Alone" ndi pa "A Fragile Thing", imene yatuluka pa 9 Okutobala, ndikumvabe kulemera kwina kumene kukundidetsa nkhawa pang'ono, ngakhale kuti nyimbo zakezo n'zamphamvu. Ajambula ndi Paul Corkett, amene anagwira nawonso Bloodflowers mu 2000, ndipo chimenecho chimandipatsa chiyembekezo.

Mawu ake okha ndiye sindikuwadera nkhawa. Amene tinali ku Johannesburg mu Malichi 2019, pamene gululi linabwera koyamba ku South Africa, tinadzimvera tokha. Bambo woti akukwanitsa zaka 60 mwezi wotsatira anaimba maola oposa awiri, mawu ali omwe aja a pa matepi akale, osasasa, osathawa manotsi apamwamba. Oimba ambiri a msinkhu wake amatsitsa nyimbo kuti azifikire. Iye ayi. Ndiye chodabwitsa cha chimbale chikubwerachi n'chakuti tidzamva mawu a mnyamata uja akunena zinthu za munthu wokalamba, ndipo sindikudziwa woimba wina wa rock amene angathe kutipatsa zimenezo lero.

Pempho langa kwa anzanga ndi ili. Tsikulo likafika musachimvere m'minibasi, kapena modumphadumpha pa foni, masekondi 30 apa masekondi 30 apo, kenako n'kuthamangira kulemba kuti "chabowa". Nyimbo zimene woimba amayamba patadutsa mphindi zitatu sizingaweruzidwe motero. Ndi nyimbo 8 zokha, sizikwana ndi ola lomwe. Pezani madzulo amodzi, ana atagona, muchimvere kuyambira koyamba mpaka kumapeto mmene anachisanjira mwini wake. Mukapeza kuti sichinakukhudzeni, nenani, tidzakambirana, mwina inenso ndidzakhala mbali yanu. Koma musachikane chifukwa choti n'chachisoni. Anatiuza kale kuti chidzakhala chotero, ndipo zifukwa zake tikuzidziwa.

Ine khutu langa lili pa nyimbo yomaliza, "Endsong", yoposa mphindi 10. Pa siteji Jason Cooper ankamenya ng'oma zake mobwerezabwereza kwa mphindi zambiri, gitala ya Reeves Gabrels ikukwera pang'onopang'ono, Smith ataima chete kudikira nthawi yake yolowa. Ndikufuna ndidziwe ngati mu situdiyo anaisiya yaitali choncho ndi mpata wake wonse, kapena anaipanikiza ngati zija za 2008.