Kapu ya m'kabati yapamwamba

Abale anga, lero za mtengo wa kwacha zipume kaye. Lero mumve za kapu. Kapu yomwera tiyi, yadothi, yoyera.

Lachisanu lapitali kuntchito kwathu kuno ku Lusaka, ku Zambia, anatitsekera m'chipinda chamisonkhano tsiku lonse, ati tiphunzire kumvetsetsana zikhalidwe ndi kuthana ndi tsankho. Pachizungu akuti cultural competence, mawu oti ukawatchula kawiri lilime limafuna girisi. Kunabwera mayi wina ndi pulojekita komanso timapepala tachikasu tomata pakhoma. Anati aliyense alembe chimene amanyadira pa chikhalidwe chakwawo. Ine ndinalemba kuti kwathu mlendo sitimufunsa ngati ali ndi njala, timangomubweretsera madzi osamba m'manja. Anthu anaomba m'manja. Bwana wamkulu ndiye anaomba kuposa onse, mpaka wotchi kugwedera pamkono.

Nthawi ya tiyi makapu athu apulasitiki anaperewera. Ine, mutu utadzaza ndi zaumodzi zija, ndinatsegula kabati yapamwamba n'kutenga kapu yadothi. Zaka zinayi ndili pakampani imeneyi, kabati imeneyo sindinaikhudzepo. Palibe analembapo kuti ndi ya azungu. Aliyense amangodziwa, monga umadziwira mpando wa amfumu pabwalo. Ndinamwa tiyi wanga, ndinaika kapu pasinki. Madamu woyang'anira ofesi anainyamula ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala, ngati mmene umagwirira khoswe wakufa kumchira, n'kupatsira amayi okolopa. "Iyi muiviike mu Jik." Atacheuka n'kuona kuti ndamva, anamwetulira. "Musadandaule, ndi nkhani ya kolera chabe. Paja mumakhala ku Kanyama?"

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati zikomo madamu. Zikomo! Bambo wandevu, wa ana atatu, wosunga makiyi a sitolo ya katundu wa ndalama zoti sindidzazigwirapo moyo wanga wonse, kuthokoza munthu chifukwa wanditcha matenda.

Kolera sindikumukana. Tinamuona kumayambiriro a 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, sukulu zitachedwa kutsegulidwa. Koma amayi amene anapatsidwa kapuyo kuti aitsuke amakhala ku Kanyama komweko, komboni yathu ya muno mu Lusaka, timatsikira pasiteji imodzi. Amene amawaphikira madamuwo kunyumba kwawo ku Kabulonga amachokera ku Chawama. Manja athu ndi oyera pophika ndi potsuka, mlomo wokha ndiwo uli ndi kolera.

Ndiye pageti. Madzulo aliwonse mlonda amatsegula chikwama changa, kuvundukula kontena ya nsima, kusuzumira ngati mabawuti ndawabisa pansi pa kapenta. Galimoto za mabwana zimangodutsa, iye atapereka sawasha. Mlondayo sindimuda, ndi mnzathu wa ku Petauke, nayenso amachita manyazi. Dzina langa bwana analephera kulitchula tsiku loyamba, mpaka lero ndine "Chifu". Lake lili ndi zilembo zongogundana ngati minibasi za pa City Market, koma ndinaliloweza usiku umodzi. Akalowa m'mawa salonjera, amangoyamba ndi "lipoti lija lili kuti". Pamaphunziro paja anatiuza kuti tizimvetsa, kwawo nthawi ndi ndalama. Chabwino. Nanga ine ndikamayang'ana pansi iye akulankhula, monga anandilerera makolo, bwanji analemba pafomu ya kumapeto kwa chaka kuti ndimaoneka wobisa zinthu? Kumvetsetsana kwake kumangokwera chitunda, sikutsika.

Chaka chatha anamwalira atsibweni, mlongo wawo wa mayi anga. Amene anandilipirira fizi, amene anakandiimira pachinkhoswe, mwinimbumba weniweni. Ndinapempha masiku a maliro. Anati malume si wachibale wapafupi, fomu ikuti bambo, mayi, mkazi kapena mwana. Ndinayesa kufotokoza kuti kwa ife Achewa mtundu umatsata kuchikazi, kuti malume ndiye mutu wa banja. Anandidula malipiro a masiku anayi. Anthu omwewo mwezi wathawu akundifunsa ngati ndingapeze chigoba cha nyau kuti ndidzavine pa tsiku la zikhalidwe la kampani. Gule wamkulu, pakapinga wa ofesi, pakati pa soseji ndi zakumwa! Ndinati mukafuna kuona pitani ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, pa Kulamba, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Anafunsa ngati kuli hotela yabwino.

Koma kapu ija, abale. Zala ziwiri.

Musaganize kuti anzathu a kuno ku Zambia ndawasiya, paja ine ndine Mmalawi. Ndikangotsegula pakamwa m'basi, kondakitala wayamba kale: "Achimwene, manje muzabwelela liti kwanu?" Ukati "ndikufuna" m'malo mwa "nifuna", basi yonse yakudziwa. Chinyanja chawo n'chathu chomwe, anangochidula mchira n'kuthiramo Chibemba, koma woseketsa ndine. Kuntchito kukasowa sipanala, maso amayamba ayang'ana kwa wobwera. Ndimawakumbutsa kuti bambo ake a Kenneth Kaunda, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ku Chinsali. Amaseka n'kuti ndiye chifukwa chake mu 1996 anasintha malamulo kuti a Kenneth asaimenso pachisankho, ndipo mu 1999 khoti linati alibe dziko. Munthu wolamulira zaka 27, mwini "One Zambia, One Nation", anamufunsa kwawo. Ine ndine yani?

Komabe zimenezi n'zina. Mbemba akamanena a kum'mawa kuti amadya mbewa, iwo n'kumubwezera kuti amadya anyani, chimenecho ndi chimbuya, chibale cha nthabwala pakati pa mitundu. Akatha kunyozana amasamba m'manja m'beseni limodzi, nsima n'kudyera pamodzi. Ngakhale wonditcha achimwene uja ndikamupatsa botolo langa la madzi amamwa osapukuta pakamwa pake.

Nafenso tisadziyeretse. Pali Amalawi muno oti ukawalonjera ku Soweto Market amakuyankha m'Chibemba chothyokathyoka, ati ndi a ku Chipata. Inenso ndinakhalapo wa ku Chipata, kawiri, pamene anyamata a imigireshoni anaima pakona. Ndipo kwathu timawatcha chiyani anzathu a kumpoto? Nanga "Maburundi" aja, mu 2023 akuwakweza m'malole kuwabwezera ku Dzaleka, ndani wa ife anatsegula pakamwa? Ine ndinali m'gulu lonena kuti atilanda mabizinesi. Lero ndine Mburundi wa ku Lusaka.

Mnzanga wina wa mu akaunti anandikokera pambali, ati lamulo lilipo, Employment Code Act ya 2019 imaletsa kusala wantchito chifukwa cha khungu, mtundu kapena dziko lake, kadandaule. Zoona lilipo. Koma chilolezo changa chogwirira ntchito chili m'dzina la kampani yomweyi, ndipo amene amasaina kalata yochiwonjezera amamwera m'kabati yapamwamba. Ndikalemba kuti chiyani? Kuti kapu inatsukidwa? Adzati ndi ukhondo. Tsankho la masiku ano silikutukwana, limamwetulira n'kukufunsa kumene umakhala. M'zaka za m'ma 1950 muno mu Lusaka wakuda ankagulira nyama pakawindo ka m'mbali mwa butchala, mpaka a Harry Nkumbula ndi a Kaunda anatsogolera anthu kunyanyala. Iwo kawindoko ankakaona, ankatha kukaloza ndi chala. Kathu n'kachitseko ka kabati kopanda loko.

Pomaliza maphunziro anatipatsa satifiketi aliyense. Yanga analakwitsa dzina. Madamu anajambulitsa ataima pambali panga, dzanja lili paphewa langa. Phewa lilibe kolera.

Mayi anga ku Mchinji ali ndi makapu awiri adothi amene bambo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Kitwe. Amakhala m'kabati, okutidwa ndi kansalu, ife ana sitinkawakhudza. Ndi a alendo. Tsiku lina kunabwera mzungu wa zamijigo, fumbi mpaka m'nsidze, thukuta lili chuchuchu. Mayi anatulutsa kapu imodzi, anathira shuga yense amene anatsala m'chitini, anagwada pomupatsa. Iwo anamwa wopanda shuga m'chikho, kukhitchini. Atachoka mlendoyo anaitsuka ndi madzi wamba n'kuibwezera, akunyadira kuti yagwira ntchito yake.

Dzulo Lamulungu anandiimbira. Anathokoza ndalama ya feteleza, anati mdzukulu wawo wamkulu wakhoza bwino teremu ino, fizi ya Januwale isachedwe. Kenako anafunsa, "Nanga mabwana akowo akukusunga bwino, mwanawe?" Ndinati eya mayi, akundisunga. Ndinakhala pabedi mumdima, magetsi atapita monga mwa masiku onse, ndikuwerenga kuti kwatsala miyezi ingati ndikakwere basi pa Intercity, ndidutse Luangwa, Nyimba, Katete, ndikatsike pa Mwami. Mwana atsirize Fomu 4 basi. Zaka ziwiri.

Lero m'mawa ndalowa m'khitchini ya kuntchito ndi kapu yanga yobiriwira yapulasitiki. Kabati yapamwamba inali yotsegula pang'ono. Ija yabwerera pamalo pake, yachitatu kuchokera kumanzere. Ndimaidziwa, ili ndi kachipsera pachogwirira.