Angelezi nawonso anachita kulandira

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo m'minibasi yochokera ku Limbe, mnyamata wina wovala tayi anayamba kunyoza mayi achikulire amene anali mu yunifolomu ya Mvano, akuchokera kumaliro. Akuti, "Amayi, mukudzivutitsiranji ndi chipembedzo cha Angelezi? Eni ake anabadwa nacho, inu mwangotola." Mayi aja anangoti zikomo bambo, n'kukhala chete. Ena n'kumaseka. Zinandinyansa kwambiri.

Anabadwa nacho ndani? Mngelezi? Bodza lenileni. Angelezi nawonso anachita kulandira kwa alendo. Makolo awo, a Anglo-Saxon aja, powoloka nyanja kuchokera kumadera amene lero ndi Germany ndi Denmark, anasenza milungu yawo, Woden ndi Thunor, ndipo ankaiphera ng'ombe za nsembe. Mu 597 ndi pamene Augustine anafika ku Kent, kum'mwera kwa England, ndi amonke pafupifupi 40, atatumidwa ndi Papa Gregory wa ku Rome. Amonkewo ali m'njira anagwidwa ndi mantha, anafuna kubwerera, poti anamva kuti akupita kwa anthu olusa, achilankhulo chosamveka. Atafika pachilumba cha Thanet, mfumu Æthelberht inakana kukumana nawo m'nyumba. Inati tikumane pabwalo, poopa kuti alendowo angailodze ndi matsenga awo. Mkazi wake Bertha anali Mkhristu kale, inde, koma nayenso anali wobwera, mwana wa mfumu Charibert ya ku Paris.

Ndiye wina azititokosa m'makutu kuti anabadwa nacho?

Ngakhale atalandira, sanachigwire ndi manja awiri tsiku lomwelo. Æthelberht atamwalira mu 616, mwana wake Eadbald anakana ubatizo, n'kulowa chokolo mkazi amene bambo ake anasiya. Ku London bishopu Mellitus anathamangitsidwa. Mfumu Rædwald ya ku East Anglia inamanga maguwa awiri m'kachisi mmodzi, lina la Khristu, lina la milungu ya makolo, kuti kulikonse isaluze. Mfumu Penda ya ku Mercia inafa mu 655 isanabatizidwe. Anthu a pa Isle of Wight anachilandira mu 686, ndipo chinawafikira ndi lupanga la nkhondo. Zaka pafupifupi 90 akukokanakokana. Kumpoto nako, mmonke Aidan atabwera kuchokera ku chilumba cha Iona ku Scotland mu 635 sankachidziwa bwino chilankhulo cha eni dziko, mpaka mfumu Oswald yeniyeniyo ndi imene inkamumasulira akamalalikira. Munthu wobadwa nacho chinthu amafuna womasulira?

Nthawi yonseyi ku Africa kuno anthu anali atapemphera kalekale. Mu 180 ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Akhristu anadulidwa mitu chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro chawo. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inatembenuka m'zaka za m'ma 300. Augustine winayo, wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anamwalira mu 430, Mngelezi akadali paguwa la Woden.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti dzina la Hadrian silidziwika pakati pathu. Munthu ameneyu anabadwira kumpoto kwa Africa. Papa Vitalian anamupempha kuti akakhale akibishopu wa ku Canterbury, iye anakana, n'kuloza Theodore wa ku Tarsus. Komabe Hadrian anapita, nafika mu 670, ndipo anatsogolera nyumba ya amonke ku Canterbury zaka pafupifupi 40. Iye ndi Theodore anaphunzitsa ana a Angelezi Baibulo, Chilatini, Chigiriki, zanyenyezi, kupeka ndakatulo ndi kuwerengera tsiku la Pasaka. Aldhelm, mmodzi mwa ophunzira otchuka a nthawi imeneyo, anadutsa m'manja mwake. Mwana wa ku Africa kutsogolo, Angelezi pansi akumvetsera. Amenewo ndiwo mukuti eni ake?

Mwina vuto ndi masukulu athu amene nkhaniyi amaiyambira pa Livingstone, koma chimenecho si chilolezo chonyozera munthu wamkulu pagulu. Ndiponso mpingo wa mayi aja unabwera ndi anthu a ku Scotland mu 1876, osati Angelezi. Safunsa anadya phula. Ngati iwe sufuna kupemphera, usapemphere, palibe akukukakamiza. Koma usanamize anthu. Angelezi anachita kupatsidwa, anachita kuphunzitsidwa, anachita kumasuliridwa. Cholandira n'cholandira, kaya unalandira mu 597 kaya mu 1876.

Ndipo inu akuluakulu ena a m'mipingo musaganize kuti ndakuiwalani, chifukwa bodza lomweli inunso mumalidyetsa. Mumafuna mlaliki avale jekete pa dzuwa la Okotobala, apemphere m'Chingelezi chokhotetsa lilime, ndiye muti kwabwera mzimu. Mukamva ng'oma mukwinya nkhope. Mu 601 Papa Gregory analembera Mellitus kuti akachisi a Angelezi asagwetsedwe, angochotsamo mafano, awaze madzi odalitsidwa, ndipo anthuwo azipha ng'ombe zawo n'kudyera limodzi pa masiku a chikondwerero cha mpingo. Iwo anawasiyira ng'ombe zawo. Ife ng'oma yathu yakulakwirani chiyani?