Zinyalala za m'thanki ya makorali: zichotsedwe, koma osati zonse tsiku limodzi

Mkangano uwu sutha pakati pa oweta makorali, tinyama ta m'nyanja ya mchere timene amatisunga m'thanki yagalasi pamodzi ndi nsomba. Ena amati fumbi lofiirira limene limakhazikika pansi pa thanki, lija timati detritus, ndi chakudya cha tizilombo choncho lisiyidwe. Ena amafuna thanki yoti mbee ngati mbale yongotsuka kumene. Maganizo anga ndi akuti lizichotsedwa, koma pang'onopang'ono, ndipo wolamula akhale choyezera madzi osati maso.

Mu fumbi limeneli muli ndowe za nsomba, chakudya chotsala, ntchofu za makorali, ndere zakufa ndi mabakiteriya amene akudya zonsezo. Zikamawola zimatulutsa ammonia, mabakiteriya n'kuisandutsa nitrite, kenako nitrate. Nitrate sivuta kwambiri, mukasintha madzi imatsika. Yokanika ndi phosphate, imene nayo imatuluka m'zowolazo n'kumadyetsa ndere zosafunika. Iyi imakakamira pa miyala ndi mchenga wa aragonite (mchenga wa laimu woikidwa pansi pa thanki), n'kumabwerera m'madzi pang'onopang'ono kwa miyezi. N'chifukwa chake munthu amasintha madzi kawiri katatu koma m'mawa mwake phosphate yabwerera pomwe inali, ndere zonga tsitsi zikumerabe. Mwala wasanduka nkhokwe, ndipo anaidzaza ndi zinyalala zimene zinkawolera m'ming'alu yake.

Amene amati "m'nyanja ndani amasesa?" amaiwala kuti kumeneko mafunde amakokolola zonse n'kukazitaya kutali. Thanki ya malita 300 ilibe kotayira.

Komanso wosesa mopitirira muyezo amadzipalira yekha. Nitrate ndi phosphate zikafika pa 0, ndere za zooxanthellae zokhala m'thupi mwa makorali zimasowa chakudya, makorali n'kuyezuka. Choipa koposa, mpata umenewu ndi umene ma dinoflagellate amadikira: utaka woterera wofiirira wokhala ndi timathovu, mitundu ina yaululu yopha nkhono, ndipo kuwathamangitsa n'kovuta kuposa ndere wamba. Tizilombo ta copepod ndi amphipod timadyanso zinyalala zomwezi, ndipo nsomba ya mandarin imadalira tizilomboti. Muyezo umene umakomera mathanki ambiri ndi nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm (magawo pa miliyoni), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm.

Ntchito yaikulu si yopopa ayi, ndi yoyendetsa madzi. Zinyalala zoyandama si mdani. Makorali amagwirako n'kudya, zotsala zimapita mu sefa. Zimavuta zikakhazikika. Mapampu a m'thanki onse pamodzi aziyendetsa madzi kuwirikiza 20 mpaka 40 kukula kwa thanki pa ola, kutanthauza malita 6,000 mpaka 12,000 pa thanki ya malita 300. Mukaona mabakiteriya ofiira onga ndere, otchedwa cyanobacteria, atayala pakona imodzi yokhayokha, pamenepo madzi aima. Tembenuzani pampu musanaganize za mankhwala.

Kamodzi pa sabata, musanasinthe madzi, uzirani miyala ndi kapampu kakang'ono kapena chopopera cha pamanja. Pampu yobweza madzi kuchokera mu sump, kathanki kosefera kokhala pansi pa thanki yaikulu, ikhale ikugwira ntchito kuti fumbilo litsikire mu filter sock, sokosi yosefera ya timabowo ta ma micron 100 kapena 200. Madzi adzachita mbuu kwa ola limodzi kapena awiri, musade nkhawa. Koma sokosi imeneyi ndi pomwe ambiri amagwera. Imafuna kusinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse. Mukaisiya sabata yathunthu, zinyalala zimawolera momwemo madzi onse a thanki akudutsamo, ndiye simunachotse kanthu, mwangozisamutsira pamalo pomwe ziwole msanga.

Pansi pa sump popani mosaopa, palibe chowonongeka.

Mchenga ndiye umafuna nzeru. Ngati ndi wochepa, masentimita 2 kapena 3, lowetsani paipi yotakata kukamwa, muzipana paipiyo ndi chala kuti mchenga uzivinavina n'kugwanso, fumbi lokha lizikwera. Popani gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse, potulutsa madzi 10 peresenti, amene ndi malita 30 pa thanki yathu ija. Madzi atsopano akhale a RO/DI, kutanthauza osefedwa ndi makina ochotsa zosungunuka m'madzi, kenako mchere wake pa 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere, kutentha madigiri 25 kapena 26, kufanana ndi a m'thanki.

Ngati mchenga ndi wakuya, masentimita 10 kupita m'tsogolo, gwirani sentimita imodzi yapamwamba basi. Pansi pake palibe mpweya wa okosijeni, ndipo ndi pomwe mabakiteriya ena amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa nitrogen. Ndi pomwenso hydrogen sulfide amabisala. Mudzamudziwa ndi mawanga akuda pagalasi ndi fungo la dzira lovunda. Mukavundula pamenepo nsomba zikhoza kufa tsiku lomwelo. Chimodzimodzi thanki yomwe yatha zaka osapopedwa: kuitakasa yonse nthawi imodzi kumakweza ammonia n'kumaliza okosijeni. Tengani kachigawo ngati chikhatho pa ulendo, mpaka miyezi iwiri kapena itatu.

Za nkhono ndi anzawo, anthu amawayembekezera zambiri. Nkhono za Cerith, nyongolotsi za bristle ndi brittle star zimadyadi zinyalala, koma nazonso zimachita chimbudzi m'thanki momwemo. Za Nassarius zimakonda nyama yotsala, osati fumbi. Chimene chachoka ndi chokhacho chatuluka pamanja panu: kapu ya skimmer (makina ochotsa zonyansa ndi thovu) yomwe mwakhuthula, sokosi yomwe mwachapa, chidebe cha madzi akuda, ndi ndere za Chaetomorpha zomwe mwadula mu refugium, chipinda chapadera chomeretsera ndere.

Yezani sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo. Phosphate ikamakwera, onjezerani kupopa ndipo chepetsani chakudya, koma musaigwetse mwadzidzidzi ndi GFO, timibulu ta chitsulo toyamwa phosphate, chifukwa makorali a Acropora amasupuka mnofu zinthu zikasintha mofulumira. Nitrate ikatsika pansi pa 2 ppm, chotsani sokosi kwa masiku angapo, lekani kupopa mchenga, nsomba muzipatse chakudya chochulukirapo.