Pemphero la osamalira mitengo yakale ku Tucson

Atate wakumwamba, Inu amene munaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuuyang'anira, timvereni.

Tikukuyamikani chifukwa cha banja la Leopoldo Carrillo, amene anachoka ku Sonora, m'dziko la Mexico, n'kukakhala mumzinda wa Tucson, ku Arizona m'dziko la America, mu 1859. Munadalitsa manja ake, ndipo anabzala munda wa zipatso ndi maluwa kumene anthu ankapita kukapuma. Pamene nyumba zambiri za mabanja a ku Mexico zinkagumulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nyumba ya Sosa-Carrillo, mmene munkakhala banja la Carrillo, inatsala, ndi mkuyu wake pabwalo. Tonthozani zidzukulu za iwo amene nyumba zawo sizinatsale, pakuti ena mtima ukuwawabe.

Tikupereka m'manja mwanu onse ogwira ntchito ku Mission Garden, munda wa maekala 4 m'tsinde mwa phiri la Sentinel ku Tucson komweko, umene auzinganso ndi mpanda wa zidina. Iwo amafunafuna mikuyu, makangaza ndi membrillo (mtengo wa zipatso zachikasu zonga maapozi) m'mabwalo a mabanja akale, kuti mitengo ya mtundu umene amishoni anabwera nawo isathe.

Apatseni kuleza mtima, Ambuye. Adule nthambi zokabzala mu Januwale kapena Febuluwale, mtengo utayoyola masamba. Nthambi yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 20 kapena 25, ya mfundo zitatu kapena zinayi. Aikwirire mozama, mfundo imodzi kapena ziwiri zokha zitsale kunja, ndipo asaizondotse. Letsani dzanja lothirira mopyola muyezo, chifukwa nthambi imaola isanatulutse mizu.

Limbitsani misana yawo pokumba mayenje. Pansi pa dothi la kumeneko pali caliche, mwala wa laimu wosalola madzi kudutsa. Akapanda kuuboola, madzi amadikha m'dzenje, mizu n'kufa. Akumbutseni kupaka njereza pa thunthu la mtengo waung'ono Juni asanafike, poti kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo khungwa limapsa n'kung'ambika. Mvula ya Julaye ikayamba, tchinjirizani mitengo ku matenda oola mizu, amene amaumitsa mtengo m'masiku ochepa masamba ali chikhalire panthambi.

Asaiwale kulemba pa mtengo uliwonse dzina la banja kumene nthambi inadulidwa. Ndipo mabanja amene akuchokabe ku Mexico lero, ambiri a iwo akugwira ntchito m'minda ya eni padzuwa lomwelo, muwapatse madzi akumwa, malipiro oyenera ndi denga.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.